Chinjoka cha pa Chitakale

Lamya idalira cha m'ma 5 koloko m'mawa, nthawi yomwe munthu saimbira mnzake pokhapokha kutagwa zovuta. Adali achemwali anga a ku Mulanje, amene amagulitsa zinanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu pa Chitakale.

"Achimwene, bwerani mudzamuone mphwanuyu. Ine wandikanika. Ndalama ya oda yonse wadyetsa chinjoka."

Ndidafunsa kawiri kuti chinjoka chake chiti, pakuti ife obadwira m'tsinde mwa phiri lija tikamva za chinjoka maganizo amathamangira kwa Napolo. Koma kunja kudali ng'amba, mvula isadagwe ndi dontho lomwe. Iwo adangoti, "Cha mufoni," basi lamya n'kudula.

Kwathu mwana ndi wa malume. Akakhoza mayeso anthu amayamikira bambo ake, koma akaba nkhuku amaitana malume. Tsono ndidakwera minibasi pa Limbe, kudzera msewu wa Midima, njira yonse ndikusanja m'mutu mawu okakalipira.

Nkhani yake idali yotere. Mnyamatayu, wa Fomu 3, adapatsidwa K40,000 kuti akapereke kwa alimi omwe amayi ake amapikulako zinanazi. Ndalamayo siidafike. Idathera pakhonde la kanyumba kena kotchajirako mafoni, pomwe anyamata amasonkhana Loweruka masana n'kumamenyanitsa zilombo za m'masewero otchedwa Pokémon. Amabetcherana. Mphwanga adaluza ka 8 motsatizana, kwa mnyamata mmodzi yemweyo, ndi chilombo chimodzi chomwecho, ndipo akaluza ankawonjezera ndalama poganiza kuti abweza zomwe zapita.

Za jugayo tidathana nazo tsiku lomwelo. Malamulo a dziko lino salola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga, ndipo ine amene sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira chifukwa chosowa fizi ndimadziwa kuwawa kwa ndalama yotayika. Tidagwirizana kuti ngongoleyo aibweza ndi thukuta, posenza madengu a amayi ake Loweruka lililonse mpaka ithe. Chomwe chandigwiritsa cholembera lero ndi funso lomwe adandifunsa nditatha kukalipa.

"Koma amalume, munthu amene wakuposa mphamvu, wakuposanso liwiro, umamugonjetsa bwanji? Kapena umangomusiya?"

Ndidasowa choyankha. Funso limeneli si la ana okha ayi. Ndi funso la mayi wa okala amene pafupi naye patsegulidwa sitolo yaikulu, ndi funso la wakabaza wa njinga yakapalasa amene pa siteji pake padzadza njinga zamoto. Ndiye ndidati, tiye ukandionetse chinjoka chakocho.

Kwa inu awerengi amene simudawaonepo masewerowa, ndikufotokozereni mwachidule. Pokémon adayambira ku Japan mu 1996, pa kamakina ka m'manja kotchedwa Game Boy. Mwini nzeruzi, Satoshi Tajiri, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo kutchire monga momwe ife tinkachitira ndi ziwala ndi nkhululu, ndipo atakula adapanga masewero oti ana azigwira zilombo, kuzilera, n'kumazimenyanitsa. Lero zilombozi zidapitirira 1,000. Anyamata a pa Chitakale alibe makina odula a Nintendo. Amasewera pa foni, kudzera pa Pokémon Showdown ya pa intaneti, yomwe ndi yaulere ndipo siidya bandulo kwenikweni.

Aliyense amasankha zilombo 6, ndipo chilombo chilichonse chimaloledwa zida 4 zokha ndi kanthu kamodzi konyamula. M'bwalo mumalowa chimodzi uku, chimodzi uku. Ulendo uliwonse osewera onse awiri amasankha mobisa chochita: kumenya, kapena kubweza chilombo chomwe chili m'bwalo n'kulowetsa china. Akatha kusankha, chaliwiro ndicho chimayamba kumenya. Si masewero othamangitsa zala ngati mpira wa pa PlayStation uja. Ndi abale ake a bawo: umakhala pansi, kuwerenga, n'kumaganiza zomwe mnzako akuganiza.

Mtima wa masewerowa wagona pa mitundu ya zilombo. Ilipo 18, ndipo pafupifupi uliwonse uli ndi wougonjera ndi wouopsa. Madzi amazima moto, moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi. Ukamenya ndi chida choyenera, ululu wake umawirikiza kawiri. Ukamenya ndi cholakwika, umatsika ndi theka. Ndipo pali pena pomwe chida sichigwira n'komwe. Magetsi sagwira chilombo cha nthaka. Chivomerezi sichigwira chouluka. Mfundo ziwiri zimenezi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Chinjoka chomwe chidadya ndalama ya zinanazi dzina lake ndi Garchomp. Chidatulukira mu 2006 m'masewero a Diamond ndi Pearl, chimaoneka ngati nsomba ya shaki yomwe yamera miyendo, ndipo chili ndi mitundu iwiri, wa chinjoka ndi wa nthaka. Pa mphamvu zomenyera adachipatsa 130, pa liwiro 102. Nkhanza yake ili pa 102 ameneyu, chifukwa zilombo zambiri zotchuka zidaima pa 100. Kusiyana kwake ndi 2 chabe, koma m'masewerowa woyamba kumenya kawirikawiri ndiye amatsala ali chilili.

Mwini chinjokacho ndidamupeza. Ndi mnyamata waulemu, wowonda, wosalankhulalankhula, amene anzake amangomutcha dolo. Ndidapempha kuti asewere ndi mphwanga popanda ndalama, ine ndikuonerera. Sizidakwane ndi mphindi 5 zomwe.

Machenjera ake adali amodzi omwewo. Ankadikira kuti mphwanga atulutse Raichu, khoswe wa magetsi, ndipo pomwepo ankalowetsa chinjoka chake, magetsi aja n'kupita pachabe. Ulendo wotsatira, mphwanga ali kalikiliki kukanda ndi tizida tosapweteka, chinjoka chinkavina gule wotchedwa Swords Dance, amene amawirikiza mphamvu zake kawiri. Zikatero nkhani yatha. Chida cha chivomerezi, Earthquake, chinkagwetsa kamodzi n'kamodzi chilombo chilichonse choponda pansi, ndipo Charizard wouluka uja, wa liwiro 100, ankagwa ndi chida cha ukali chotchedwa Outrage asadatukule ndi phiko lomwe.

Ndidapempha kuona gulu la mphwanga. Raichu, Arcanine, Tyranitar, Lucario, Charizard ndi Machamp wa manja anayi. Onse ankhonya, onse osankhidwa chifukwa chooneka moopsa. Anayi oyambawo chivomerezi chimawapweteka mowirikiza, ndipo pa onse 6 padalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kuima kutsogolo kwa chinjoka n'kupirira. Idali timu ya osewera kutsogolo okhaokha, yopanda otchinga kumbuyo, yopanda goloboyi.

Ndidamufunsa kuti akaluza ankasintha chiyani. Adati ankachotsa wankhonya mmodzi n'kuikapo wina wankhonya kwambiri. Apa ndi pomwe ndalama ya zinanazi idathera. Mwanayu ankafuna kuposa chinjoka pa chinthu chomwe chinjokacho chidabadwira.

Usiku umenewo, magetsi atazima, tidakhala pakhonde ndi foni imodzi ndi kope lake la masamu, kufufuza momwe akatswiri a maiko ena amachitira. Tidapeza kuti vutoli si la pa Chitakale pokha. Anthu alimbana nacho chinjokachi kwa zaka zambiri, ndipo funso lawo loyamba silikhala lakuti ndani ali ndi mphamvu kuposa ichi. Amafunsa kuti kodi ichi sichingathe kuchita chiyani. Mayankho omwe tidalemba m'kopemo ndi anayi.

Loyamba ndi mlonda wa pachipata. Chimenechi ndi chilombo chomwe ungachilowetse m'bwalo chinjoka chili pakati pomenya, n'kulandira nkhonya osagwa. Kwa Garchomp mlonda wotchuka ndi Skarmory, mbalame ya nthenga zachitsulo. Poti ndi youluka, chivomerezi sichiigwira. Poti ndi yachitsulo, ukali wa chinjoka umaifika utatsika ndi theka. Nkhonya zake n'zosaopsa, n'chifukwa chake mphwanga ankaidumpha osaiyang'ana kawiri. Koma ili ndi chida cha kamvuluvulu, Whirlwind, chomwe chimauluza mdani kumutulutsa m'bwalo, ndipo chilombo chikatuluka, mphamvu zonse zomwe chidavinira zimafufutika. Gule yense uja wapita pachabe.

Lachiwiri ndi wobwezera. Uyu sangalandire nkhonya, koma akalowa bwinobwino pamalo pa mnzake amene wagwa, amamaliza ntchito. Garchomp palibe chomwe amaopa kuposa madzi oundana, ayezi. Mtundu wa chinjoka umagonja kwa ayezi, wa nthaka nawonso chimodzimodzi, ndiye ululu wake umawirikiza kanayi. Weavile, kanyama ka ayezi konga likongwe, kali ndi liwiro 125. N'kofooka ngati dzira, koma kakayamba kumenya ndi iko, chinjoka chimagwa ndi nkhonya imodzi. Akatswiri amasiyanitsa kwambiri awiriwa, mlonda ndi wobwezera, chifukwa ambiri amaluza posokoneza ntchito zawo. Ukalowetsa Weavile pakati pa nkhonya, wamutaya. Ukadikira Skarmory kuti akuphere chinjoka, udikira mpaka kuche.

Lachitatu ndi kumulanda wamphamvuyo chomwe amadalira. Chilombo chomenya ndi thupi chikapsa ndi kamoto kotchedwa Will-O-Wisp, nkhonya zake zimatsika ndi theka. Gyarados akangolowa m'bwalo amaopseza mdani moti mphamvu zake zimatsikako, ndipo naye ndi wouluka, chivomerezi chimangomudutsa pansi. Ndiye pali Clefable, kachilombo konenepa ka pinki, ka mtundu wotchedwa Fairy womwe eni masewerowa adauyambitsa mu 2013 zinjoka zitanyanya. Zida za mtundu wa chinjoka sizikagwira n'komwe, komanso kakhoza kukhala ndi khalidwe loseketsa lotchedwa Unaware: mdani avine chotani, adzitukumule chotani, iko kamamuona monga adalili poyamba. Ndidamuuza mphwanga kuti anthu otere ndimawadziwa. Ndi agogo aja amene nduna ikafika pamaliro ndi galimoto zisanu iwo amaiitanabe ndi dzina la paubwana.

Lachinayi silili m'chilombo chilichonse, lili m'mutu mwa wosewera. Masewero asadayambe, aliyense amaonetsedwa zilombo 6 za mnzake. Kamphindi kameneko, komwe mphwanga ankangokadumpha ndi changu, ndiko ka mtengo wapatali: uone woopsa ndi uti, ndani mwa ako angamuimitse, ndipo ameneyo usamuwononge pa ndewu zazing'ono nthawi yake isadakwane. Udziwenso kuti chida chachikulu chilichonse chili ndi mtengo wake. Chinjoka chikayamba Outrage sichingasinthe chida kapena kubwezedwa ndi mwini wake kwa maulendo awiri kapena atatu, kenaka chimazunguzika mutu. Munthu wokwiya amadziwika komwe alowere. Wa bawo wodziwa sathamangira kudya nkhomo ziwiri pomwe akutsegulira mnzake mtaji wa khumi. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphwanga adawerenga zonsezi koma nkhope idali yokayika.

"Amalume, ndiye mukuti ndichotse Tyranitar ndiikepo mbalame yosamenya? Anzanga andiseka."

Pamenepo ndidamuwerengera nkhani ya gologolo, yomwe ndidali nditangoipeza.

Mu Ogasiti 2014, mumzinda wa Washington ku America mudachitika mpikisano wa dziko lonse wa Pokémon. Kumeneko amasewera ziwiriziwiri, zilombo ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Chaka chimenecho ambiri ankadalira zimphona monga Mega Kangaskhan, amene nkhonya yake iliyonse imagwa kawiri. Mnyamata wa ku South Korea, Sejun Park, adabwera ndi Pachirisu, kagologolo koyera ka magetsi komwe ana amakakonda chifukwa cha masaya ake. Pa mndandanda wa zamphamvu, kachilomboka kali kumunsi kwenikweni.

Koma kagologoloka sikadapite kukapha aliyense. Ntchito yake idali chida chotchedwa Follow Me, kunena kuti kankakodola adani kuti nkhonya zawo zigwere pa iko m'malo mwa mnzake. Mmodzi mwa anzakewo adali Gyarados, amene amaopa magetsi koopsa. Koma kwa Pachirisu ameneyu magetsi adali chakudya, akamugunda nawo moyo wake unkawonjezereka. Pambali apo kankapuwalitsa adani kuti liwiro lawo litsike, ndi kuwaluma ndi chida chomwe chimadula moyo wa mdani pakati, kaya mdaniyo ndi wamkulu chotani. Park adagonjetsa Jeudy Azzarelli wa ku America m'ndime yotsiriza n'kukhala katswiri wa dziko lonse.

Tisanamizane, gologolo sadapambane yekha. M'gulu la Park mudalinso zimphona, ndipo Garchomp yemweyu adalimo. Nzeru yake idali yodziwa kuti chimphona chimafuna wochitchingira, ndi kuti kanthu konyozeka kakapatsidwa ntchito imodzi yoyenera kamathandiza kuposa chimphona china chowonjezera. Mutu umodzi susenza denga. Okonda mpira akumbukira Januwale 2010 ku Luanda, pomwe Flames ya Kinnah Phiri idathira Algeria zigoli 3 kwa 0, Algeria yomwe chaka chomwecho idakasewera World Cup ku South Africa. Maina akuluakulu adali mbali inayo.

Loweruka lotsatira ndidabwereranso ku Chitakale, mphwanga atatsitsa kale madengu a m'mawa. Adali atachotsa Tyranitar ndi Arcanine n'kuikamo mbalame yachitsulo ndi kanyama ka ayezi. Raichu adamusiya dala, ngati nyambo. Ndalama padalibe, pakuti mwini kanyumba kaja ndidali nditalankhula naye ndipo naye sadafune nkhani ndi apolisi.

Zidayamba monga mwa masiku onse. Raichu adatuluka, chinjoka chidalowa, anyamata adayamba kale kuseka. Koma ulendo uno mphwanga sadamenye. Adabweza khoswe n'kulowetsa mbalame, chinjoka chili pakati pa gule. Dolo uja adadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Adayesa ukali, moyo wa mbalame, womwe anyamatawa amautcha magazi, udatsika koma osafika ndi theka lomwe. Kamvuluvulu adawomba, chinjoka panja. Mbalame idapeza mpata wopumula n'kubwezeretsa magazi, moti chinjoka chitabweranso kachiwiri chidauluzidwanso. Ulendo wachitatu dolo adaleka zovina, adagwetsa Lucario ndi chivomerezi, ndipo pamalo pa wakugwayo padalowa Weavile. Nkhonya imodzi ya ayezi. Pakhonde ponse padali zii, kenaka padabuka phokoso lomwe lidaimiritsa amayi ogulitsa mandasi kutsidya kwa msewu. Gulu lonse la dolo lidamangidwa potsamira chinjoka, ndipo chitagwa otsalawo sadachedwe.

Nkhaniyi ikadathera apa ikadakoma, koma ndikadakunamizani. Dolo adapempha mphindi 10, adakonzanso gulu lake, ndipo adabwera ndi Magnezone, chilombo cha maginito chomwe chimakola zilombo zachitsulo kuti zisatuluke m'bwalo. Adadikira mbalame itavulalako pang'ono, kenaka adalosera bwino: pa ulendo womwewo mphwanga ankailowetsa, iye adabweza chinjoka n'kulowetsa maginito. Mbalame idakanika kuthawa, magetsi adaiwotcha, chipata chidatsala chopanda mlonda. Chinjokacho chidali chitavalanso kansalu kotchedwa Choice Scarf, komwe kamawonjezera liwiro ndi theka, moti ndi Weavile yemwe adapitiriridwa. Mphwanga adaluza.

Ndidayembekeza kuti agwa mphwayi. M'malo mwake adasolola kope lija m'thumba.

"Amalume, mwaona zomwe wachita? Kuti andigwire wachotsa chilombo chimodzi n'kuikapo maginito, ndiye kwina kwatseguka. Komanso ndi kansaluko kuvina kwatha, chifukwa kamamukakamiza kubwereza chida chomwe wayamba nacho. Akayamba chivomerezi ndilowetsa wouluka, akayamba ukali ndilowetsa ka pinki kaja. Ndipo Weavile ali ndi kachida kena, Ice Shard, komwe kamayamba ndi iko ngakhale mdani athamange bwanji. Ndinangolakwitsa kudalira mlonda mmodzi."

Apa ndidadziwa kuti funso lake waliyankha yekha. Wamphamvu sumugonjetsa kamodzi n'kupita kukagona. Chomwe umachita n'kumukakamiza kuti ayambe kuganiza za iwe. Ndipo popeza malo ndi 6 okha ndi zida 4 zokha, chilichonse chomwe wawonjezera pofuna kukutseka, wachotsa china chomwe ankaopsa nacho. Masabata angapo m'mbuyomo dolo ankasewera ali gone. Tsiku limeneli adatuluka thukuta.

Anzanga a geni, nkhaniyi ndi yanu. Sitolo yaikulu ikafika pa tauni, ambiri timachita zomwe mphwanga ankachita. Iyo ikatsitsa mtengo wa shuga nafenso titsitsa, ikatsitsanso titsatira, mpaka mpamba watha, tathawira kwa akatapila. Pa mtengo simungaithe, chifukwa imapikula ndi malole pomwe inu mumapikula ndi katoni. Limenelo ndiye liwiro lake la 102. Koma tafunsani chomwe siingathe kuchita. Siingayeze mafuta ophikira a ndiwo za tsiku limodzi. Siingatsegule kusadache pomwe othyola tiyi akuthamangira ku esiteti. Siingakongoze mayi amene inu mukumudziwa kuti pa malipiro abweza. Siingadziwe kuti kwa uje kwagwa maliro ndipo afuna mchere ndi makandulo usiku uno.

Achemwali anga sadamvepo za Skarmory, koma masewerowa akhala akuwasewera kwa zaka. Nyengo ya zinanazi ikafika, kumabwera anthu a malole ochokera m'tauni, a ndalama zawo, kudzagula m'minda momwe. Iwo salimbana nawo pa kuchuluka kwa katundu. Amasankha zakupsa bwino zomwe sizingapirire ulendo wautali, amasenda zina n'kugulitsa mapisi kwa okwera minibasi, ndipo koposa zonse alimi awo amawalipira pa tsiku lomwe adalonjeza, chaka chonse, nyengo ya malole itatha. N'chifukwa chake K40,000 ija idawagwetsa misozi. Siidali ndalama chabe. Kusunga pangano ndiye mlonda wawo wa pachipata, ndipo mwana wawo yemwe ndiye adamupereka kwa chinjoka.

Ndisatseke osanena mbali inayo, poti wina anganene kuti ndikuphunzitsa osauka kupirira chilichonse. Zilipo zilombo zina zomwe mlonda wake sapezeka. Gulu la osewera lotchedwa Smogon, lomwe limakonza malamulo omwe ambiri amatsata pa Showdown, lidamuchotsapo Garchomp yemweyu m'mpikisano wamba m'nthawi ya Diamond ndi Pearl, n'kumukankhira ku gulu la zimphona zokhazokha. Mu 2014 lidachita choposa apo: chinjoka china, Mega Rayquaza, chidachotsedwa ngakhale m'gulu la zimphonalo. Maganizo ake ndi akuti ngati aliyense akukakamizika kunyamula chilombo chimodzi chomwecho, kapena kudzadza gulu lake ndi mankhwala a chilombocho, ndiye kuti masewero afa.

M'malonda namonso ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake dziko lino lidakhazikitsa lamulo loona za mpikisano pa malonda mu 1998, ndipo tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Wamkulu akamagulitsa modziluza dala kuti aphe ang'onoang'ono, kapena akamabisa katundu kuti mitengo ikwere, imeneyo si nkhani ya machenjera, ndi nkhani ya woimbira mpira, ndipo tiyenera kukuwa mpaka amve. Koma tisathamangire kulira kuti chinjoka achiletse tisadatsegule kope. Cha pa Chitakale mankhwala ake adalipo, pa mndandanda womwewo, aulere, mphwanga akuwadumpha tsiku ndi tsiku chifukwa sadali ooneka moopsa.

Kwa inu ophunzira ndili ndi mawu awiri. Oyamba: mnyamata amene amalumbira kuti masamu ndi mdani wake ndidamuona ndi maso angawa akuwerengera theka la theka ndi kuwirikiza kanayi kumbuyo kwa kope, popanda mphunzitsi womuimirira ndi ndodo. Mutu womwewo ndi womwe udzafunike pa mayeso a Fomu 4. Achiwiri: kuthamangitsa ndalama yomwe waluza pa juga ndi Outrage weniweni. Ukayamba sungasinthe, aliyense akuona komwe ukulowera, ndipo umathera kuzunguzika mutu. Mphwanga sadagonje ka 8 chifukwa chinjoka chidali chosagonjetseka. Adagonja koyamba chifukwa cha umbuli, ndipo kotsalako adagonja chifukwa padali ndalama, pakuti munthu amene mtima uli pa ndalama sakhala pansi n'kufunsa chomwe walakwitsa. Tsiku lomwe ndalama idachoka pakhonde paja ndi lomwe adayamba kuganiza.

Pomwe ndikulemba pano ngongole yatsala pang'ono kufika theka, ndipo mapewa a mnyamata ayamba kuzolowera dengu. Alimi aja achemwali adakawapepesa okha n'kuwalipira ndi ndalama ya ku banki mkhonde. Ndamva kuti dolo ndi mphwanga masiku ano amakhala pa benchi imodzi, kukonzera limodzi gulu loti akalimbane nalo ndi anthu a maiko ena omwe amakumana nawo pa intaneti, ndipo kuti dolo naye wayamba kunyamula mbalame yachitsulo.

Ndikukwera minibasi yobwerera ku Limbe, achemwali adandipatsira zinanazi ziwiri pa windo, nkhope ili yosamasuka kwenikweni.

"Achimwene, ine ndinakuitanani kuti mudzamuletse. Inu mwadzamuphunzitsa?"

Ndidati ndamuletsa juga, koma kuganiza sindingamuletse. Iwo adapukusa mutu, n'kunena kuti chinanazi chachiwiricho ndilipire.

Ndidalipira. Tikumane sabata yamawa.